Ukadzijambula wekha, amene amatuluka pachithunzipo ndi ndani?

Mu 1975, mnyamata wa zaka 13 anatsegula situdiyo yojambulira anthu mumzinda wa Bangui, likulu la dziko la Central African Republic. Dzina lake ndi Samuel Fosso. Masana ankagwira ntchito imene wojambula aliyense wa m'tauni ankagwira: zithunzi za pachitupa, za akwati, za mayi amene wabwera ndi khanda lake. Filimu ya nthawi imeneyo inkakhala ndi malo owerengeka, ndipo kuitsuka isanathe kunali kutaya ndalama. Ndiye madzulo makasitomala akapita, pafilimu pakatsala malo, Fosso ankavala mathalauzi otambasuka kumiyendo, nsapato zazitali zidendene ndi magalasi akuda, n'kuima kutsogolo kwa kamera yake yomwe. Zina mwa zithunzizo ankazitumiza kwa agogo ake aakazi ku Nigeria kuti aone ndi maso awo kuti mdzukulu wawo ali moyo ndipo zikumuyendera.

Ambiri tikamva za munthu amene amangodzijambula yekha timafulumira kunena kuti ndi wodzimva. Ine ndikuona kuti pamenepa timaphonya zambiri. Anthu amene agwira ntchito imeneyi mozama, kwa zaka zambiri, akayang'ana zimene zatuluka sapezamo iwo okha. Amapezamo agogo awo, mayi awo, anthu amene anawazunza ndi anthu amene anawamenyera nkhondo. Kuti timvetse mmene izi zimachitikira, tiyenera kuyamba ndi chinthu chimene tonse tinakumana nacho.

N'chifukwa chiyani timadzikana pachithunzi?

Nkhope imene inu mumaidziwa si imene anzanu amaidziwa. Inu munaiphunzira pakalilole, ndipo kalilole amaionetsa motembenuza. Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende: diso lina limatsikirapo, mphuno imapendekera pang'ono, kumwetulira kumayambira mbali imodzi. Chithunzi chikabweza zonsezi mmene anzanu amazionera, maso anu amadabwa. Ofufuza ena ku America anayesa zimenezi mu 1977. Anaonetsa anthu zithunzi ziwiri za nkhope zawo, china cholunjika china chotembenuza. Eni nkhope ambiri anakonda chotembenuza, pomwe anzawo apamtima anakonda cholunjika. Aliyense anasankha chimene anachizolowera.

Palinso nkhani ya mtunda. Foni mukaigwira ndi dzanja, kamera imakhala pafupi kwambiri, ndipo chilichonse chimene chayandikira lenzi chimakula kuposa chimene chili kumbuyo. Kafukufuku wina wa mu 2018 anawerengera kuti pa mtunda wa masentimita 30 mphuno imaoneka yaikulu ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Makutu nawo amabwerera kumbuyo, nkhope n'kuoneka yowonda. Vuto si nkhope yanu, ndiponso si kuipa kwa foni. Mukaiimika patebulo, n'kubwerera kumbuyo masitepe angapo, mudzaona munthu wina.

Izi zikutiuza kuti kamera siitola munthu mmene alili basi. Nthawi zonse pamakhala wina amene wasankha mtunda, kuwala, mbali yoimira ndi mphindi yodinira batani. Funso lalikulu m'nkhani yonseyi ndi lakuti wosankhayo ndi ndani.

Anthu anazindikira zimenezi luso lojambulali litangoyamba kumene kufalikira. Mu 1839, Robert Cornelius wa ku Philadelphia anadzijambula, ndipo chithunzi chake chimawerengedwa m'gulu la zoyambirira zenizeni za munthu wodzijambula yekha. Chaka chotsatira, mu 1840, Hippolyte Bayard wa ku France anachita chinthu chachilendo. Iye anali atatulukira njira yakeyake yojambulira, koma boma la France linapereka ulemu ndi ndalama zambiri kwa Louis Daguerre, amene nayenso anatulukira njira yojambulira. Pokwiya, Bayard anadzijambula atavula malaya, atatsinzina, atatsamira ngati mtembo, ndipo kuseri kwa chithunzicho analemba kuti uwu ndi mtembo wa Bayard amene wadziponya m'madzi chifukwa boma lamutaya. Manja ndi nkhope yake zinali zoderapo ndi dzuwa, iye n'kunena kuti zayamba kuwola. Munthuyo anali wamoyo ndipo anakhalabe zaka zambiri. Komabe chithunzi chabodzacho chinanena zoona za mmene mtima wake unalili kuposa mmene chithunzi cha suti ndi tayi chikananenera.

Kwa ife anthu akuda, nkhani ya wogwira kamera ili ndi mbiri yowawa. Kwa zaka zambiri, zithunzi za Aafirika zimene zinkafika kunja zinkajambulidwa ndi alendo: akuluakulu a boma la atsamunda, amishoni, ofufuza mitundu ya anthu. Pansi pa chithunzi nthawi zambiri sipankalembedwa dzina la munthuyo. Pankalembedwa mtundu wake, ngati kuti nkhope imodzi ikuimira onse. Ku South Africa chithunzi cha munthu wakuda chinali cha m'buku la pasi, limene wapolisi ankalifuna pamsewu. Mu 1970, antchito awiri akuda a kampani yopanga makamera ya Polaroid ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anazindikira kuti zipangizo za kampani yawo zikugwiritsidwa ntchito popanga zitupa zimenezi, ndipo anayambitsa ndewu imene inachititsa kuti kampaniyo ichoke ku South Africa mu 1977. Ngakhale filimu yeniyeniyo sinali yopanda mbali. Malo otsukira zithunzi ankayesa mitundu pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo khungu lakuda linkatuluka lopanda tsatanetsatane, maso ndi mano okha ndiwo ankawala.

Taganizirani tsono zithunzi za a John Chilembwe ku Mbombwe, ali mu suti, akuyang'ana kamera mosaphethira, pena ali ndi mkazi wawo a Ida. Batani sanadine okha, koma mavalidwe ndi maimidwe anasankha ndi iwo, pa nthawi imene azungu ambiri a m'minda sankafuna kuona munthu wakuda atavala motero. Kudzijambula wekha kumangofikitsa maganizo omwewo pamapeto pake: zonse zimene mlendo ankasankha, tsopano ukusankha ndiwe.

Fosso ndi anthu amene anawavala

Fosso anabadwa mu 1962 ku Kumba m'dziko la Cameroon, m'banja la Chiigbo. Ali wakhanda ziwalo zake sizinkagwira bwino ntchito, ndipo iye wanenapo kuti chifukwa cha matendawo sanajambulidwe ngati mmene makanda ena ankajambulidwira. Anapita naye ku Nigeria kwa agogo ake aamuna, amene anali mfumu komanso sing'anga, ndipo kumeneko anachira. Kenako ku Nigeriako kunabuka nkhondo yapachiweniweni ya Biafra, kuyambira 1967 mpaka 1970. Mayi ake anamwalira, ndipo m'bale wa makolo ake anamutengera ku Bangui. Mukadziwa izi, zithunzi za mnyamata wotchenayo zimasintha tanthauzo. Ndi mwana amene analibe chithunzi cha ubwana wake, amene anapulumuka nkhondo ndi njala, akudzipangira umboni wakuti alipo ndipo thupi lake ndi lamphamvu.

Kwa zaka pafupifupi 20 zithunzizi sizinadziwike kunja. Zinaonekera koyamba mu 1994 pa chionetsero cha ojambula a mu Africa ku Bamako, m'dziko la Mali. Mu 1997, sitolo ya zovala zotsika mtengo ya ku Paris yotchedwa Tati inamuitana kuti ajambule, ndipo m'pamene anapanga chimodzi mwa zithunzi zake zodziwika kwambiri. Wakhala pampando wokutidwa ndi nsalu ya mawanga a kambuku, thupi lonse mikanda ya golide, m'maso magalasi oyera, m'manja maluwa a mpendadzuwa, kumutu chisoti chokumbutsa Mobutu, mtsogoleri wakale wa dziko la Zaire. Mutu wa chithunzicho umati ndi mfumu imene inagulitsa Africa kwa atsamunda. Apa mdzukulu wa mfumu akuvala ufumu kuti audzudzule. Patapita zaka, mu 2003, anabwerera ku nkhani ya ufumu ndi mtima wina, n'kujambula zithunzi zimene akuoneka ngati agogo ake aja, pokumbukira khumbo lawo lakuti mdzukuluyo adzalowe m'malo mwawo.

Mu 2008 anatulutsa zithunzi zotchedwa African Spirits. M'zithunzi zimenezi anadzisandutsa anthu akuda otchuka m'mbiri monga Patrice Lumumba, Kwame Nkrumah, Nelson Mandela, Haile Selassie, Léopold Senghor, Martin Luther King, Malcolm X, Muhammad Ali, ngakhalenso Angela Davis ndi tsitsi lake lalikulu lija. Anatsatira zithunzi zodziwika za anthuwa mosamala, mpaka kapendekedwe ka mutu ndi mtundu wa magalasi. Mu 2013 anavala ngati Mao Zedong, mtsogoleri wakale wa China, pofunsa za mphamvu za China mu Africa, ndipo mu 2017 anavala ngati Papa wakuda.

Wina angafunse kuti ngati munthu wavala ngati Lumumba, tingati bwanji wadzijambula yekha? Ife amene tinakulira kumene kuli Gule Wamkulu tikudziwa kuti kuphimba nkhope si kunama nthawi zonse. Simoni akatuluka ndi nkhope yake yofiira, mudzi umaona mmene umamuonera mlendo, ndipo zimene sizinganenedwe pabwalo ndi pakamwa zimanenedwa ndi mavinidwe. Koma pali kusiyana kwakukulu. M'gule, chimene chatuluka ndi chilombo, za munthu sizikambidwa. Kwa Fosso, nkhope yake siibisika. Mumaona Lumumba, kenako mumaona kuti ndi Fosso, ndipo maso anu amangosinthasintha pakati pa awiriwo. Uthenga uli pa kusinthasinthako: munthu uyu, amene anabadwa mayiko a mu Africa atangoyamba kudzilamulira, akunena kuti sangafotokoze amene iye ali popanda kutchula anthu awa.

Mu 2014, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, nyumba yake ya ku Bangui inathyoledwa iye ali ku Paris. Atolankhani ojambula Jerome Delay ndi Marcus Bleasdale, pamodzi ndi Peter Bouckaert wa bungwe la Human Rights Watch, anatola mafilimu ake ambirimbiri amene anali mbwee pansi n'kuwapulumutsa. Zitachitika izi anapanga ntchito yosiyana ndi zonse za m'mbuyo, yotchedwa SIXSIXSIX: zithunzi 666 za nkhope yake yokha, wopanda malaya, wopanda chovala cha wina aliyense, chimene chikusintha ndi maonekedwe a nkhope basi. Kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yake yovuta kwambiri kuiyang'ana. Mumayembekeza kuti poti wavula zonse, tsopano muona Fosso weniweni. Koma mukadutsa nkhope zambirizo, yachisoni, yotopa, yokwiya, yongoti duu, simungaloze imodzi n'kunena kuti ndi iyi.

Zopanira zovala kumutu

Zanele Muholi anabadwa mu 1972 ku Umlazi, ku Durban. Anayamba kudziwika pojambula anthu ena: kuyambira 2006 wakhala akusonkhanitsa zithunzi za akazi akuda okondana ndi akazi anzawo komanso anthu ena a m'gulu limenelo ku South Africa, anthu amene ambiri a iwo amakhala mwamantha chifukwa cha nkhanza. Cha m'ma 2012 anatembenuzira kamera kwa iye mwini, n'kuyamba zithunzi zotchedwa Somnyama Ngonyama. Zonse ndi zakuda ndi zoyera, ndipo zambiri anazijambula m'zipinda zogona alendo pa maulendo ake, ndi zinthu zimene wazipeza pafupi.

Mayi ake, a Bester, anagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu zaka zoposa 40 kuti alere ana awo. M'zithunzi zimene zili ndi dzina la mayiwa, Muholi wadzipana tsitsi ndi makutu ndi zopanira zovala pachingwe, ndipo m'chithunzi china wavala waya wokwechera mapoto kumutu. Mukachiona patali mumayesa ndi mfumukazi yovala chisoti chaufumu. Mukayandikira m'pamene mumazindikira kuti ndi zida za kukhitchini ndi kochapira. Chithunzicho chimakuchititsani zinthu ziwiri motsatizana: mumayamba mwapereka ulemu, kenako mumadzifunsa chifukwa chake ulemu umenewo simuupereka kwa mayi amene amagwira zidazo tsiku ndi tsiku. Alipo azimayi ambiri a kwathu kuno amene lero akuchapa ndi kukwecha m'nyumba za ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo ana awo sangafune wowamasulira chithunzi chimenechi.

M'chithunzi china wavala chisoti ndi magalasi a m'migodi, pokumbukira anthu 34 ogwira ntchito mumgodi amene apolisi anawapha powawombera ku Marikana, ku South Africa, pa 16 August 2012. Muholi sanagwirepo ntchito mumgodi. Akubwereketsa nkhope yake kwa anthu amene sangathenso kuima kutsogolo kwa kamera.

Chinthu china chimene amachita chimakhudza luso lenilenilo. Akatha kujambula, amawonjezera kusiyana kwa kuda ndi kuyera mpaka khungu lake litada bii, maso okha ndi milomo n'kumawala. Ena zimawasowetsa mtendere chifukwa zimawakumbutsa azungu akale amene ankadzipaka zakuda ponyoza anthu akuda. Iye amati akulanda kuda kwake m'manja mwa amene ankakuseweretsa. Ine ndimayang'ana zimenezi ndikuganiza za mafoni athu, amene ena mwa iwo amayeretsa ndi kusalaza khungu tisanawapemphe n'komwe, ndi za mafuta oyeretsa khungu amene ali ponseponse m'misika. Pamene zonse zikukankhira munthu kuti aoneke woyererako, wina akasankha dala kudetsa nkhope yake n'kukuyang'anani m'maso, wanena chinthu chomveka.

Nanga zithunzi zathu za tsiku ndi tsiku?

Si chithunzi chilichonse cha pafoni chimene chili ntchito yozama, ndipo sichiyenera kutero. Kudzijambula pa ukwati wa mnzanu kapena mutangometa n'kwabwino pakokha. Kusiyana sikuli pa mtengo wa kamera. Kuli pa funso limene mukufunsa. Chithunzi chotumiza pa WhatsApp kawirikawiri chimafunsa kuti kodi ndikuoneka bwino? Yankho lake limabwera msanga, ndipo zoipa timafufuta. Chithunzi chodzifufuza nacho chimafunsa zina: ndinachokera kuti, ndimafanana ndi ndani, ndi chiyani chimene ndimabisa anthu akandiyang'ana, ndikuopa kusanduka chiyani?

Amene akufuna kuyesa angayambe ndi kuchotsa foni m'dzanja. Iimikeni pa chinthu cholimba, tcherani nthawi kuti idzijambula yokha pakapita masekondi 10, ndipo bwererani kumbuyo. Mukatero manja anu onse amamasuka, thupi lonse limalowa, ndiponso malo amene muli amayamba kulankhula: khoma, mphasa, chitseko, mbaula. Zimitsani zosalaza nkhope zija. Samalani kuwala, chifukwa kamera imayesetsa kuti chithunzi chonse chisawale kwambiri kapena kuda kwambiri, choncho mukaima kumbuyo kwanu kuli thambo lowala kapena khoma loyera, nkhope yakuda imasanduka mthunzi. Imani pakhonde kapena pafupi ndi zenera, moyang'ana kumene kuwala kukuchokera. Kuwala kochokera m'mbali kumatulutsa makwinya, zipsera ndi mafupa a nkhope. Kochokera kutsogolo kumazibisa. Palibe cholakwika mwa ziwirizi, kungoti mudziwe chimene mwasankha.

Chinthu chimene ndingalimbikitse kwambiri ndi kutenga katundu wa munthu wina amene ali ndi gawo pa moyo wanu. Chitenje cha mayi anu, jekete la bambo, khasu, yunifolomu ya kusukulu imene munaisiya, Baibulo kapena Korani ya agogo. Muvale kapena muchigwire, ndipo musamwetulire pokhapokha kumwetulirako kutabwera kokha. Anthu ambiri akachita izi amadzidzimuka kuona kholo lawo likuwayang'ana kuchokera pankhope yawo yomwe. Ndipo musafufute msanga zimene simunazikonde. Zisungeni mwezi umodzi. Kawirikawiri chimene chinakuwawani tsiku loyamba ndicho chimene chagwira kanthu.

Pali ngozi zake. Munthu amene akuvutika kale ndi maonekedwe ake, kudziyang'anitsitsa tsiku lililonse kungamuwonjezere chisoni m'malo momuchiritsa, makamaka ngati chithunzi chilichonse akuchiika pa intaneti kuti anthu achiweruze. Palinso malire pa kuvala za ena. Fosso ndi Muholi amavala anthu amene mbiri yawo ndi yawonso, ndipo amachita mwaulemu ndi modziwa. Kuvala umphawi, ulumali kapena mwambo wa anthu ena kuti chithunzi chikome ndi nkhani ina.

Kenako pamabwera funso lakuti chithunzicho achione ndani. Vivian Maier anagwira ntchito yolera ana a anthu ku Chicago kwa zaka zambiri, ndipo kulikonse ankayenda ndi kamera. Anasiya zithunzi zoposa 100,000, mwa izo muli zambiri zodzijambula yekha: nkhope yake pa galasi la sitolo, pa kalilole amene wantchito wina wanyamula mumsewu, nthawi zina mthunzi wake wokha pansi. Samwetulira, ndipo nthawi zambiri sayang'ana n'komwe lenzi. Zithunzizi sanazifalitse, ndipo mafilimu ambiri sanawatsuke. Mu 2007 katundu wake amene ankasungitsa anagulitsidwa pamsika chifukwa lendi sinalipidwe, ndipo mmodzi mwa ogula, John Maloof, ndiye anazitchukitsa pa intaneti. Maier anamwalira mu 2009 asakudziwa kuti dzina lake likupita kutali. Lero zithunzi zake zili m'mabuku ndi m'zionetsero m'mayiko ambiri, zosankhidwa ndi kutsukidwa ndi anthu amene sanakumanepo naye, ndipo nkhani ya mwini wake wa ufulu wa zithunzizo inakafika mpaka kukhoti.